Mfuko Umene Unadula Waya Wanga

Kuseri kwa nyumba yathu ku Chipata kuli kashedi ka malata kamene kale tinkasungiramo matumba a fetereza. Nditayamba kuphunzitsa ana a anthu masamu pa intaneti, ndinakasesa n'kuikamo tebulo ndi mpando, kenaka ndinalengeza kuti kameneka tsopano ndi ofesi. Ana anga anaseka mpaka kugwira m'mimba, koma ine ndinali nditatopa kuphunzitsira m'chipinda chochezera, wina akulira, wina akufunsa komwe kuli sopo.

Vuto linali netiweki. Rauta, kabokosi kogawa intaneti, inali m'nyumba, ndipo waifai inkathera pa mtengo wa mango. Ndikalowa mu ofesi, nkhope za ana asukulu zinkauma pakompyuta kukamwa kuli yasa. Ndinaitana bambo wina wodziwa za mawaya. Anayeza ndi mapazi kuchoka pakhomo mpaka pashedi, nati tikoke waya wapansi, tiulowetse m'paipi, tikumbe mpaka m'mawondo.

Ine ndine wouma manja, sindibisa. Za paipi ndinakana, zokumba ndinakananso. Pakati pa nyumba ndi shedi panali kamunda kakale kosalimidwa, mizere yake ikuonekabe, ndipo mzere umodzi unkalunjika ndithu pakhomo la ofesi. Ndinati tingoukwirira wayawo m'mzeremo: dothi lake n'lofewa, ndiponso pamwamba potero madzi safika. Bamboyo anandiyang'ana kanthawi.

"Amayi, kuno simulima?"

"Ndilime nthawi yanji ine?" ndinatero monyada.

Intaneti inafika yambambande. Miyezi ingapo ndinkayenda mapewa m'mwamba.

Chaka chomwecho tinakatenga atate kumudzi ku Chipangali. Amayi anga anali atamwalira, ndipo atate anadwala matenda amene anawafooketsa mkono ndi mwendo wakumanzere. Kumudzi kunalibe wowakumbutsa mankhwala. Anabwera mokakamizidwa, ndipo chikwama chawo anakana kumasula. Tsiku lonse ankakhala pampando pakhonde, chipewa pamaondo, kuyang'ana mpanda. Mawu awo anali amodzi: "Ndikungokuthera ufa pano, mwana wanga. Ndiperekeze ku basi." Ndinkadziwa kuti tsiku limene adzaone kuti andisokonezera kanthu, ngakhale kuswa kapu, adzanyamuka ndithu, ndipo kumudziko sakatha chaka. Zimenezi zinkandiopsa kwambiri.

M'mawa wina mu Okutobala, dzuwa lisanayambe ukali wake, ndinali pakati pophunzitsa pamene ndinamva khasu panja. Ndinasuzumira pazenera. Atate anali m'kamunda kaja, malaya atavula, akugumula mizere yakale ndi dzanja limodzi, linalo likungothandizira. Chichokereni kumudzi anali asanagwirepo khasu. Misozi inalengeza m'maso mwanga, moti ndinaiwala ana amene ndinkawaphunzitsa.

Pamenepo m'pamene mutu unandibwerera. Ine mwana wa mlimi, ndinaiwala bwanji? Mlimi saunga mzere pomwe unali chaka chatha. Amaung'amba pakati, dothi n'kuliponya uku ndi uku, ndipo pamene panali mzere pamasanduka podutsa madzi. Waya wanga ndinaugoneka penipeni pomwe khasu limatera.

Ndinaimirira kuti ndikuwe. Ndinakhalanso pansi. Ndikanati chiyani? Atate, siyani khasu, mukundionongera? Ndinawerenga mizere yotsala kuti afike pa waya: itatu. Ndinauza ana asukulu kuti alembe msanga ntchito ya kunyumba, chifukwa ndinali ndi chikhulupiriro chonse kuti netiweki ivuta posachedwa. Atangomaliza kulemba, nkhope zawo zinauma.

Sindinatuluke. Ndinabisala kuseri kwa katani ngati wakuba m'nyumba yanga yomwe. Atate anawerama, natola mbali ziwiri za waya wabuluu uja. Anayang'ana kushedi, anayang'ana kunyumba. Kenaka anapita pomwe pamakhala njinga, nabwera ndi lekeni. Anamanga wayawo mfundo yolimba, ya chingwe cha mbuzi, nakulunga lekeni bwinobwino, nakwirira, napondaponda ndi phazi. Atatero anabweza khasu pamalo pake, navala malaya, nakakhala pampando paja. Madzulo ake nsima anangoinyomola kawiri. Ndikudutsa pakhomo la chipinda chawo ndinaona chikwama chili pabedi.

Mawa lake ndinaitana bambo wa mawaya uja, ndipo ndinakamuchingamira kugeti kuti ndimunong'oneze zochita. Anafukula pomwe ndinamulozera, natulutsa mfundo ija, lekeni ndi zonse. Atate anali chiimire pambali, chipewa m'manja. Bamboyo analuma mlomo, mapewa akugwedezeka. Ndinamuponda chala.

"Uwu ndi mfuko, amayi," anatero mokweza. "Mifuko ya m'tauni muno yavuta. Ndinakuuzani ine za paipi."

"Mfuko!" ndinakuwa ine, manja m'chiuno. "Ndiye chifukwa cha munda wosalimawu! Pakanakhala polimidwa chaka ndi chaka, bwenzi zilombo zimenezi zikusowa pobisala. Atate, mwachita bwino kuyamba. Chonde musalekeze panjira."

Atate anayang'ana mfundoyo, nayang'ana ine.

"Mfuko umenewu," anatero pomaliza, "ndi waluso pomanga."

"Kwambiri, atate."

"Koma mwini wayayu nzeru analibe. Ndani amaika chinthu m'mzere?"

Ndinavomera kuti mwini wayayo analidi wopusa. Sindinayambe ndakondwerapo chotero ponyozedwa pamaso pa mlendo.

Waya watsopano tinagwirizana kuti udutse m'mwamba. Mitengo yake atate anakana kuti ndigule: anasankha okha pa milimo yotsala kumpanda, nauza bamboyo pokumba, namudzudzula kuti dzenje lachiwiri lapendama. Ine ndinakhala masiku awiri ndikuphunzitsira m'chipinda chochezera, pakati pa olira ndi ofuna sopo, osadandaula ngakhale pang'ono.

Tsiku limene intaneti inabwerera, atate anagogoda pakhomo la ofesi, thukuta lili kamukamu, khasu paphewa. Anali asanalowemo chiyambire. Anayang'ana tebulo, kompyuta, ndi waya wolowera pansi pa malata, nagwedeza mutu ngati munthu woona chibwana.

"Mvula ikagwa ndidzala nshawa apa," anatero. "Mbewu ili m'chikwama changa, pansi penipeni. Ukandithandize kumasula, dzanja ili silikugwira zipi."

Ndinati ndikubwera.

"Ndipo umuuze wa mawaya uja asunthe mtengo wakumapetowo. Chaka chamawa mizere idzafika mpaka kumpanda."

Anatuluka. Ndinazimitsa kamera kaye, chifukwa ana a anthu sayenera kuona aphunzitsi awo a masamu akulira.