Ndinkaitana ndi rimoti, iwo ankathamangitsa chiwanda

Mukandiona ndikukoka mwendo pamsika wa Namadzi musamati ndi kachasu, anzanga. Izi ndikunenazi si nkhambakamwa, zinandigwera ine ndemwe, masana dzuwa likuswa mtengo.

Mwana wanga wa ku Joni atabwera anatiikira dishi, dikoda n'kuiika pabalaza, kenako anakoka waya mpaka kuchipinda kwathu komwe anaikako TV ina yaing'ono, pamwamba pake kadiso kofiira. Anandiuza kuti ndikaloza rimoti pa kadisoko, uthenga umabwerera m'waya kukafika ku dikoda, ndiye chimene ndasintha kuchipinda chimasinthanso pabalaza. Mkazi wanga sanamve nawo, anali kudimba, ndiponso za mawaya analibe nazo ntchito.

Tsiku la tsokalo ndinabwerako msanga kumsika mutu ukuwawa, ndipo poona kuti pabalaza padzaza amayi a mvano akuonera kwaya, ndinalowera khomo lakuseri n'kukagona, popanda wondiona. Posakhalitsa mkono wamanja unangoti zii, pakamwa panapotoka, ndikati ndifuule kumangotuluka malovu. Ndinaona manda ali pafupi. Dzanja lamanzere litakhudza rimoti pabedi ndinati Mulungu wandikumbuka. Ndinasintha tchanelo, kukweza mawu, kutsitsa, kusinthanso, kuti wina adabwe abwere.

Kudabwa anadabwadi. Ndinamva mipando ikugwa, wina akukuwa kuti m'nyumba mwalowa chiwanda, poti rimoti ya pabalaza inali phee patebulo aliyense akuiona. Anayamba kupemphera mofuula, ine ndikadina iwo kumawonjezera moto, mpaka mayi wina analamula kuti azule pulagi. Wozulayo anali mkazi wanga yemwe. Kadiso kaja kanathima ndikukaona, onse n'kuthamangira kwa abusa. Kodi munamvapo chitseko chikutsekedwa ndi anthu okukondani, inu mukufa m'kati?

Anandipeza dzuwa litapendeka. Kuchipatala adokotala anati ndi sitiroko, ndipo tikanafulumira mwina mbali iyi ikanapulumuka. Njinga sindipalasanso, khasu sindigwira. Mkazi wanga mpaka lero sayandikira TV, amangolira, ine kusowa chomutonthoza nacho poti lilime likulemerabe.

Kaya ziwanda ziliko, ine sindikutsutsa. Koma chachilendo chikachitika pakhomo, musanayambe kudzudzula Satana yambani mwasuzumira m'zipinda. Chiwanda cha tsiku lija ndinali ine, ndipo ndinkangopempha thandizo.