Chaka Chimene Achule Anasiya Kulira kwa Mwambo

Inu amene akukulozani chala pa mlandu umene simukuudziwa, imvani za Esinati.

Patapita masiku atatu chiikire mwamuna wake Wilisoni m'manda, Esinati anatsikira kudooko kukachapa zovala za malemu. Atangoviika shati yoyamba, madzi anada bii. Thovu loyera linatsika ndi mtsinje litatambasuka ngati nsalu ya maliro, pambuyo pake nsomba, mimba zili m'mwamba. Ngakhale milamba, imene siifa wamba, inali momwemo. Amayi otunga madzi anataya zidebe n'kuthawa.

Madzulo ake achule sanalire. Amene munakulira m'minda ya mpunga mukulidziwa phokoso lawo. Dambo lonse linangoti zii, sabata, mwezi, mpaka anthu anayamba kuyankhula monong'ona ngati pali wina akumvetsera.

Esinati kwawo kunali ku chilumba cha Chisi, ndipo kuno anabwera pa chitengwa. Makisoni, mng'ono wa malemu, sanazungulire.

"Alamu, madzi akana zovala za achimwene. Imfa imeneyi mukuidziwa. Tikakolola, munda mutisiyire, muzipita kwanu."

Analira mayiyu, kulira kwa mantha enieni, pakuti nayenso anayamba kudzikayikira. Sukulu inamukanika, mayeso a Folomu 4 analephera kawiri, ndiye akanamumvera ndani? Koma mphuno sifuna satifiketi. Anadzifunsa kuti, kodi ndi mzimu wanji umene umanunkha chimbudzi?

Anatola mabotolo n'kuyamba kutsata mtsinje chokwera, akutunga madzi pa dooko lililonse. Mudzi uliwonse unali chete chimodzimodzi, ndipo mudzi uliwonse unali utapeza kale mfiti yake: apa nkhalamba yosaona, apo mayi wosabereka.

Tsiku lachiwiri anafika kumphepete kwa tauni, pa maiwe amene amayenera kuyeretsa madzi a m'zimbudzi ndi a kufakitale asanalowe mumtsinje. Maiwewo anali atadzaza matope, khoma lina litagumuka. Madzi akuda ankangodutsa. Panali bambo mmodzi wokalamba woyang'anira malowo, a Gerishomo.

"Mayi, ndanena mpaka mawu anatha," anatero a Gerishomo. "Madziwa amafunika agone m'maiwemu masiku ambiri, zoipa zitsike pansi. Koma ndili ndekha."

"Khasu lachiwiri muli nalo, bambo?" anafunsa Esinati.

Anayamba tsiku lomwelo kuvuula matope. Manja anasupuka. M'minibasi anthu ankamusiyira mpando wonse pothawa fungo, ulemu umene ngakhale abusa saulandira. Nthawi yokolola itakwana, Makisoni analandadi munda, ndipo Esinati ankagona m'khitchini mwa akazi a Gerishomo.

Sanabwerere ku Chisi. Anakumbukira kuti kwawoko madzi odutsa m'njedza, udzu wautali wa m'nyanja ya Chilwa, amatuluka oyera. Anakazula mizu yake, n'kumaikweza pa njinga ulendo ndi ulendo, n'kuibzala potulukira madzi. Kenaka anasonkhanitsa "mfiti" zinzake za m'midzi ija, anapita nazo kwa akuluakulu a maiwewo, n'kutsegula mabotolo onse patebulo. Bwana anagwira mphuno, mawindo anatsegulidwa, ndipo pasanathe miyezi iwiri khoma linamangidwa. Bwanayo anamulemba ntchito Esinati, n'kumuphunzitsa kuyeza madzi.

Mvula yoyamba itagwa, anabwerera kudooko lija, kanthu kali m'jumbo. Anthu anaima patali, palibe anamupatsa moni. Dzuwa linali litapendeka, dambo lili duu ngati kale.

Kenaka m'bango munalira chule mmodzi. Wina anayankha kutsidya. Posakhalitsa dambo lonse linabuka, ndipo amayi ena anayamba kulira nawo.

Makisoni anavula chipewa. "Alamu, tinakulakwirani. Munda ndi wanu."

Esinati anatulutsa shati ya Wilisoni, imene anaisunga osachapa miyezi yonseyi, nagwada m'madzi oyera n'kumaliza kuichapa.

Mbale wanga, madzi akada pamene waima, usavomere kuti wadetsa ndiwe. Nyamuka, tsata mtsinje mpaka ukaone pamene pagumuka, ndipo ukapemphe khasu. Usataye mtima, ngakhale dambo lonse litakhala chete.