Zaka Zimene Ambuya Tembo Anabisa

Ndikaganiza za Ambuya Tembo, mphuno zanga zimadzaza ndi nthunzi ya ayironi pa chitenje chatsopano, ndipo ndimamvanso makina awo osokera akupikisana ndi mabasi a mu Peckham, ku London, odutsa kunsi kwa zenera. Sanali agogo anga enieni. Anali mayi wachikulire wa ku Chipata yemwe ankakhala mu fulati yoyang'anizana ndi yathu, ndipo mayi anga akakhala pa shifiti kuchipatala, ndinkati ndikaweruka kusukulu n'kulunjika kwawo. Ankasokera amayi a kutchalitchi zovala za maukwati, mapini ali kukamwa, ndipo aliyense ankadziwa kuti amuna awo anamwalira kalekale.

Ndili ndi zaka khumi ndi zisanu, kusukulu anatipatsa buku lakale la Chingerezi, la mkazi amene akusimba yekha za moyo wake. Ambuya anati ndiziwawerengera mokweza iwo akusoka. Mkaziyo anafotokoza ubwana wake osasiyako kanthu, mpaka mtundu wa makatani a m'chipinda chake. Koma atakwatiwa, zaka zonse za m'banja anazitha m'mizere iwiri yokha, ndipo mutu wotsatira unayamba iye ali kale panjira ndi kachikwama. Aphunzitsi anati tilembe chifukwa chimene wolemba anachitira zimenezo.

"Ine ndilemba kuti anaiwala, ambuya," ndinatero.

Makina anaima. Ambuya analavulira mapini m'dzanja.

"Sanaiwale, Tadala. Munthu akachulutsa za makatani, ndiye kuti makataniwo samupweteka. Pamene wathamanga m'pamene pali chilonda."

"Nanga bwanji osangonena?"

"Nkhani ni yake. M'nyumba muja anali kulamulira mwamuna. Manje m'buku alamulira yekha: ichi nikupatsani, ichi ayi."

Ndinalemba zomwezo, n'kuiwalako.

Patapita masabata angapo ndinapeza makina atavundikiridwa ndi nsalu. Ambuya anali khale pampando, foni ili pamiyendo. Anandiuza kuti amuna awo amwalira dzulo lake ku Lusaka.

"Si paja anamwalira kale?" ndinafunsa mwachibwana.

"Ninanama, mwanawe."

Anati anakhala nawo zaka zisanu ndi zinayi akumenyedwa, mpaka tsiku lina anathawa. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Misozi, anamusiya kwa mng'ono wawo poganiza kuti adzamutenga akakhazikika kuno. Koma abale a mwamuna anakamulanda, n'kumuuza kuti amake anathawa ndi chibwenzi. Misozi anakula osafuna kumva dzina lawo. Tsiku limenelo anaimba foni yekha kudzanena za maliro, ndipo asanadule anafunsa kuti, "Amama, munanisiyiranji?"

"Mkazi wa m'buku mwako angabisire owerenga, poti ni alendo," anatero ambuya. "Koma ine nabisira mwana wanga. Tenga pepala, undilembere kalata yopita kwa iye."

Masana atatu otsatizana iwo ankayankhula, ine ndikulemba m'Chinyanja changa chopunduka cha mwana wokulira ku London. Sanadziyeretse: ananenanso kuti pali zaka zimene akanatha kubwerera koma anachita mantha. Zina zimene ndinamva masana amenewo sindingazilembe pano.

Misozi anakhala miyezi yambiri osayankha. Ambuya ankatsika masitepe m'mawa uliwonse kukasuzumira m'bokosi la makalata, ndipo anaonda. Yankho litabwera linali lalifupi, longowauza kuti abwere adzaone adzukulu. Anapita. Atabwerako anaimirira pamsonkhano wa amayi kutchalitchi n'kuulula kuti umasiye wawo unali wabodza. Ena anawakumbatira, ena analeka kubweretsa nsalu zawo. Iwo sanadandaule.

Anamwalira ine ndili chaka chachiwiri ku yunivesite. Misozi anabwera kudzatenga thupi, ndipo pa bwalo la ndege anandigwira dzanja n'kunena kuti zolemba zanga za m'kalata ija amazidziwa.

Lero ndine loya ku Ilford, mu London momwemo, ndipo ambiri amene amakhala kutsogolo kwa tebulo langa ndi amayi ochoka m'mabanja ovuta. Amafotokoza bwinobwino za sukulu ya ana ndi nambala ya basi imene akwera, kenako amangoti, "Ndiye ndinachoka." Akafika pamenepo sindiwafulumizitsa. Ndimaika cholembera pansi, n'kudikira.