Ndinachotsa kaliyala panjinga

Tsiku limenelo pakhomo panga panali anthu awa: mkazi wanga, amene tonse tinkamutchula make Zuze, Zuze mwiniwake, mwana wanga woyamba, mkazi wake Marita, mlamu wanga Bizeki, ndi a Fombe, amene anabwera ndi ngolo yawo ya ng'ombe ziwiri. Kupatula mkazi wanga, onsewa anafika dzuwa litangotuluka kudzatisamutsa. Amene panalibe ndi ine, mwini nyumba. Maina ndawalemba dala, kuti wina akati mkuluyu akunama, akawafunse. Mmodzi yekha ndiye simungamufunse, ndipo mlanduwo ndi wanga.

Inu owerenga, sukulu ine ndinalekera Sitandade 3, choncho ndikulemba mmene ndimayankhulira. Ndine wa ku Makhanga. Kumeneko ankandidziwa ndi zinthu ziwiri: mawu ndi mphamvu. Ndikayitana munthu kudimba, a kumsika ankatembenuka. Ndili mnyamata ndinawoloka Shire posambira, anthu akukuwa kuti ng'ona, ng'ona. Nkhani imeneyi ndaifotokoza pamaliro, paukwati, ngakhale kwa anthu amene anaona ndi maso awo.

Malo athu ndi otsika, madzi amatiyendera. Tinapatsidwa malo ena kumtunda, ndipo Zuze anasamukira komweko chaka chimodzi m'mbuyo. Ine ndinayamba kumanga pang'onopang'ono. Ntchito yanga inali yotsegula ndi kutseka madzi m'ngalande za pasikimu ya mpunga, masiku asanu ndi limodzi pasabata. Nthawi yomanga inali madzulo ndi Lamlungu tikaweruka kutchalitchi. Njerwa, mitengo, simenti, zonse zinkayenda pakaliyala wa njinga yanga.

Kaliyala yemweyo ndiye anali miyendo ya mkazi wanga. Sitiroko inamupha mkono ndi mwendo wakumanzere. Ndinamangapo kakhushoni, ndipo kuchipatala, kutchalitchi, kumaliro, ankakhala pamenepo atandigwira lamba ndi dzanja lamoyolo.

Ndiye mphunzitsi wina anandiuza za mpikisano umene anthu a ku Blantyre ankakonza ku Chikwawa. Dzina lake ndi lachizungu, lilime langa limakana. Ife tinkangoti wa zitatu: usambire m'damu, utuluke upalase njinga, utsike uthamange, osapuma. Anati palinso gulu la madala opitirira zaka makumi asanu. Ananena moseka. Ine sindinaseke. Ndinamuuza kuti alembe dzina langa pamwamba.

Kuyambira pamenepo m'mawa ndinkapita kuntchito wothamanga. Masana anzanga akudya, ine ndili m'ngalande yaikulu kusambira molimbana ndi madzi. Madzulo njinga. Lamlungu zonse zitatu. Ntchito sindinajombe ngakhale tsiku limodzi, kapitawo angandichitire umboni. Imene inajomba ndi nyumba. Inaima pamawindo, udzu n'kumera m'kati.

Mphunzitsi uja anandionetsa pafoni njinga za ochita mpikisano, zoonda ngati udzudzu. Madzulo omwewo ndinatenga sipanala. Ndinachotsa madigadi, ndinachotsa sitandi, ndinachotsa belu. Pomaliza ndinamasula kaliyala n'kumuponya padenga la khitchini, mabawuti n'kuika m'kachitini. Ndinanyamula njingayo ndi dzanja limodzi, ndikufuula kuti anthu aone mmene yapepukira. Mkazi wanga anali pakhonde. Anayang'ana njinga, kenako anayang'ana denga. Kutchalitchi anasiya kupita, amayi anzake ankabwera kudzapemphera naye pakhomo. Ine ndinkati ndi miyezi itatu yokha.

Zuze anatopa nane. Anamaliza yekha khoma, anaika mitengo ya denga, kunatsala kukhoma malata amene ndinawatsekera m'chipinda kwathu. Tsiku losamuka ndinalisintha katatu. Kachinayi anati Loweruka likubwerali abwera ndi ngolo, ndifune ndisafune, mvula yayamba kale.

Kapitawo anandipatsa Lowerukalo kuti ndisamuke. Mpikisano unali sabata yotsatira. Ndinaganiza kuti ndipalase ulendo wautali womaliza m'mamawa, ndibwerere anthu asanafike. Ndinapalasa, miyendo inkandimvera bwino, ndinapitirira pamene ndimakhotera. Ndinapitiriranso. Kiyi wa chipinda cha malata anali pachingwe m'khosi mwangamu. Ndinamukumbukira ndili kutali, ndipo ndinati adikire, sathawa.

Ndinafika dzuwa lili pamutu. Anthu anali atakhala pansi pa mtengo, ng'ombe atazimasula. A Fombe anandiuza kuti m'mapiri mwagwa mvula masiku atatu, mtsinje wa Ruo wasintha mtundu, ndi bwino mayi atsogole ndi ulendo woyamba. Ndinawaseka. Ndinaloza kumwamba, kopanda ndi kamtambo komwe. Ine wogwira ntchito ya madzi, wodziwa kuti madzi otipha kuno sagwa kuno ayi, amachokera kumapiri. Koma anali atandiuza zochita pakhomo panga, pamaso pa mpongozi. Ndinalamula kuti malata ndi chimanga zipite, mayi adzakwera ulendo wachiwiri pamodzi ndi mabedi, akhale pofewa. Palibe anatsutsa. Ine sankanditsutsa. Ngolo inanyamuka ndi a Fombe, Bizeki ndi Marita. Tinatsala atatu.

Madzi anabwera chakumasana, dzuwa likuwalabe. Sanabwere ndi phokoso. Ndinangoona nkhuku zikukwera pankhokwe, kenako pabwalo pakunyezimira. Njira ya kumtunda imadutsa pakhwawa lina, ndipo aliyense wa kwathu amadziwa kuti khwawalo likadzaza, watsekeredwa. Panjinga, ndi munthu kumbuyo, ndinkafikapo mphindi makumi awiri zisanathe.

Zuze anakwera padenga n'kutsitsa kaliyala. Anandifunsa mabawuti. Kachitini kanali katapita pangolo. Tinamanga ndi mphira, mayi atangokhala kaliyala anapendekera patayala. Tinamanga ndi waya, chimodzimodzi. Zuze anamutaya pansi. Tinayesa kukhazika mayi ake pachitsulo cha pakati, koma thupi la mbali imodzi silikhala pachitsulo. Anagwa kawiri. Njingayo tinaisiya pomwepo, yopepuka bwino, ndipo tinayamba kuberekana, ine pang'ono, Zuze pang'ono, madzi ali m'akakolo, kenako m'mawondo.

Tinapeza khwawa litadzaza, likuthamanga ndi mitengo. Zuze anati tikwere pachulu tidikire bwato. Ine ndinamukumbutsa kuti ndinawoloka Shire. Ndinabereka mkazi wanga n'kulowa. Sindinayende mapazi khumi. Madzi anandichotsa miyendo, dzanja lake limodzi lija linandiphonya, ndipo anamira. Amene anamugwira ndi Zuze, anakoka chitenje. Ine wosambira ndinatuluka ndekha, m'manja mulibe kanthu.

Tinakhala pachulu chija. Mvula inafika tsopano, yozizira. Mayi anasanza madzi amatope, akunjenjemera. Ine ndinaima n'kumakuwa kuitana bwato ndi mawu anga onse aja, kenako n'kumamukuwira iye kuti alimbe mtima. Anandikoka buluku nati, “Bambo a Zuze, musafuule. Ndikumva.” M'zaka zonse za ukwati wathu, ndi tsiku lokhalo limene anandiletsa chinthu.

Bwato linatipeza dzuwa likupendeka. Kuchipatala anati ndi chibayo, madzi oipa analowa m'mapapo. Anakhala masiku asanu. Tinamuika kumtunda, pafupi ndi nyumba imene sanagonemo. Malata tinakhoma maliro atatha.

Sindinalire. Sindikunena modzitama, misozi sinabwere basi. Mpaka lero ndimadya, ndimagona, ndimayankha moni, koma zili ngati akuchita ndi munthu wina, ine ndikungoonerera.

Ndipo pali china chimene ndiyenera kuulula. Mpikisano anausintha chifukwa cha madzi, unachitika nthawi yozizira. Njinga inapezeka itakodwa mumpanda. Ndinaitsuka, ndinaithira mafuta, ndinapita. Musandifunse chifukwa, nanenso sindikudziwa. Mwina thupi linangozolowera. Madala tinalipo anayi, ndipo ndinafika woyamba. Anandiveka mendulo, anthu akuomba m'manja, wina akujambula. Ndinadikira kuti ndimve kukoma. Ndinangomva ludzu.

Inu owerenga, masewera sindikuwanyoza. Kuthamanga n'kwabwino, kusambira n'kwabwino. Koma tsiku lili ndi maola ake omwewo. Ukawonjezera chinthu chatsopano, pali china chimene chikuchotsedwa, ndipo kawirikawiri chimachotsedwa kwa munthu amene sadandaula. Bwana sungamubere nthawi, akuchotsa ntchito. Umabera wa pakhonde uja. Ngati muli ndi ntchito, muli ndi msamuko, mulinso ndi mpikisano, khalani pansi ndi a m'nyumba mwanu muwafunse chimene chiyambe. Muwafunse motsitsa mawu, chifukwa ife ofuula timayesa kuti anthu avomera pamene angotopa. Ndipo musanamasule chinthu chilichonse kuti mupepukidwe, yambani mwafunsa kuti chimanyamula ndani.

Nditabwera ku Chikwawa ndi mendulo m'thumba, ndinapeza Zuze atakhala pakhonde la nyumba yatsopano. Tsiku limenelo anapita kumalo akale kukazula mafelemu a zitseko. Pambali pake panali kaliyala, wotsukidwa bwino, kakhushoni kali pomwepo, waya wathu uja akulendewerabe. Sanandifunse za mpikisano. Anayang'ana njinga, kenako anayang'ana ine.

“Baba, ndamupeza m'matope kuseri kwa khitchini. Mabawuti ali m'kachitini pawindopo. Koma musavutike kumubwezera. Palibenso wokwerapo.”