Chipewa changa chakaonera besibo, mwini wake ndili ku ntchito

Mwaswera bwanji nonse.

Tamvani zimene zandionekera lero. Bambo a Tadala anapatsidwa matikiti awiri ku ntchito kwawo oti akaonere besibo, masewero omenya kampira ndi ndodo aja, poti matimu a ku America aja abwera ku London kuno. Ine amene ndimatsatira masewerowa pa foni nthawi ya buleki andisiya pa shifiti ku chipatala ku Lewisham, atenga achimwene awo, alamu anga a Joji.

Pofika kunyumba ndapeza awiriwa akukangana pabalaza ngati akatswiri. Alamu akuti lamulo latsopano la wotchi, loti woponya mpira asamachedwe, lawononga masewero. Bambo a Tadala akuti ayi, kale anthu ankachita kusinza m'mipando. Kenako ayamba za matimu amene amaba zizindikiro zachinsinsi zimene osewera a timu ina amapatsana ndi manja. Alamu omwewa sabata yatha amandifunsa kuti magolo ake ali pati, chonsecho besibo ilibe magolo!

Koma chandiwawa kwambiri si chimenecho. Kamera ya mu sitediyamu yawapeza, aoneka pa sikirini yaikulu ija alamu akuvina, kumutu kwawo kuli chipewa changa chabuluu chimene ndinachita kuitanitsa. Nthawi imeneyo ine ndikuyala mabedi a odwala. Zonsezi ndaziona pa vidiyo imene ili m'foni mwawo.

Nditafunsa, bambo a Tadala angoti, "Paja inu munali ku ntchito." Akanandiuza bwenzi nditasinthana ndi mnzanga.

Akuti ndili ndi nsanje. Eya, ndili nayo. Koma tandiuzani abale, ngati kuba zizindikiro kuli chinyengo, nanga kulanda mpando wa mwini ndi chipewa chomwe timati chiyani?

Vidiyoyo akaitumiza pagulu pano, aliyense woikapo kamtima ndimuona.