Ulendo umodzi wokha nyanja isanaundane

Mwana wanga wamkazi anali ndi zaka ziwiri pamene ndinapeza ntchito yosamalira agogo ena achizungu ku South Bend. Inali yogonera konko. Bambo ake a mwanayu ankangokhalira pamsewu ndi thiraki, ndiye ndinakamusiya kwa alamu anga ku Lawrence, mu Indianapolis, n'kumakamuona Loweruka ndikapeza wondigwirira shifiti. Satifiketi yanga yosamalira odwala inali yatsopano, ndipo ndinkaopa kukana chilichonse.

Agogowo anali okalamba zedi, koma pakamwa pokha panali pakuthwa. Kukhitchini kwawo kunali chithunzi cha chombo cha matanga, cha milongoti itatu, matabwa ataunjikidwa pamwamba mpaka kupitirira msinkhu wa munthu. Mayi awo ankaphikira amalinyero m'chombo chimenecho pa nyanja ya Michigan. Nthawi imeneyo n'kuti sitima zamalasha zitalanda kale katundu wabwino, zombo zoyendera mphepo zitangotsala ndi matabwa ndi mizati ya mipanda.

Tsiku lina ndikuwapatsa supu anati, "Nyowetsa nsalu ya patebuloyo."

Ndinaganiza kuti mutu wayamba kusokonekera. "Chifukwa chiyani agogo?"

"Kuti mbale isatsetsereke, mbuli iwe. Mayi anga ankatero ngakhale ali kumtunda."

Basi nkhani inayambira pomwepo. Akuti chitofu cha m'chombomo chinali ndi kampanda kachitsulo kuti mapoto asagwe mafunde akakula. Mayi awo ankanyamuka mu Epulo, madzi oundana akangosungunuka padoko, n'kuwasiya iwo kwa azakhali awo mpaka Novembala.

"Novembala akakwana, kapiteni ankati, 'Ulendo umodzi wokha, nyanja isanaundane.' Ukatha umenewo, winanso umodzi wokha."

"Koma mayi anu akabwera munkasangalala, eti?"

"Ndinkabisala pansi pa tebulo. Ankamveka fungo la utsi ndi utomoni. Amalinyero ankawaitana kuti Khukhi, kutanthauza wophika, inenso n'kumati Khukhi."

"Mpaka liti?"

"Mpaka maliro awo. Sikuti ndinkadana nawo ayi. Koma mutu ukandipweteka ndinkafuna azakhali." Anandiyang'ana supuni ili m'manja. "Foni yako ikalira umathawira kubafa, n'kutulukako maso ali psuu. Mwana wako akumusunga ndani?"

"Alamu anga. Ndi miyezi yochepa chabe, agogo."

"Chabwino, kapiteni."

Ndinaseka nawo, Mulungu andikhululukire. Ndinati ndisiya ntchitoyo nyengo yozizira ikatha. Itatha, wondilowa m'malo sanapezeke. Atapezeka, agogowo anagwa kubafa n'kukana kuti mlendo awagwire. Zifukwa zonsezi zinali zoona, n'chifukwa chake mpaka lero sindidziwa kuti ndikanaimira pati. Alamu anga pafoni ankanditonthoza: "Musadandaule alamu, akudya, akusewera, masiku ano sakukufunsaninso n'komwe." Iwo ankati akundiuza nkhani yabwino.

Agogowo atamwalira ndinalongedza katundu wanga yense n'kudraiva kubwerera ku Lawrence. Mwana anali atatsala pang'ono kukwanitsa zaka zinayi. Ndinawapeza ndi alamu anga panja pa fulati, iye akuthamangitsa mpira pamalo oimika magalimoto. Atandiona anandibayibitsa bwinobwino, monga amachitira kwa anthu a kutchalitchi. Kenako anapunthwa, n'kusupuka bondo pakonkire, nsapato imodzi kuvuka.

Ndinagwada manja ali chitambasulire. Anandilambalala akulira, n'kukabisa nkhope m'siketi ya alamu anga.

"Iwe, pita kwa amayi ako," anatero alamu, manyazi atawagwira. "Si awo abwera?"

Mwanayo anasuzumira, n'kundiuza m'Chingerezi, mwaulemu ndithu, kuti ine ndikhoza kumugwirira nsapato. Ndinaitola. Ndinaima nayo pamenepo alamu akumupukuta magazi.

Pano tikukhala ku Beech Grove, ndipo ndimagwira ntchito yobwerako tsiku lomwelo. Amanditcha Mami, timagwirizana. Koma thupi likangotentha amati akufuna Anti, alamu anga aja, ndipo foniyo ndimamuimbira ndine, n'kumugwirizira pakhutu.