Apongozi a Noria pa Mtsinje wa Kuphanga

Bambo Sixpence Chimbalanga anabadwira m'komboni ya mgodi ku Shurugwi, bambo awo atachoka ku Dedza wapansi. Anakumba kromu zaka makumi atatu mpaka chifuwa chinayamba kulira ngati mvukuto. Atapuma ntchito, anayamba kuperekeza alendo kuphanga lina la m'chigwa chakuya, tsidya la mtsinje, kumene amati anthu ankabisala nthawi ya nkhondo.

Noria, mkazi wa mwana wawo Wilfred, anatha zaka ziwiri pakhomopo osamvako liwu lawo lolunjika kwa iye. Sichinali chidani. Mkuluyu anasunga mwambo umene anzake anautaya kalekale: mpongozi sumuyang'ana kumaso, sumukhudza, sulankhula naye. Akafuna madzi osamba ankauza akazi awo, Noria ali chiimire pomwepo.

Loweruka lina mu Febuluwale, amayi a Mvano, pamodzi ndi akazi a Bambo Sixpence, anapita kukaona phangalo, mkuluyo akuwatsogolera. Noria anatsatira monyinyirika, atabereka mwana wake Paidamoyo wa miyezi isanu ndi itatu. Popita, madzi ankalekeza m'kakolo. Anzake akuonetsedwa mwaye wakale padenga la phanga, iye anatsalira pakhomo, maso ali pa mitambo yakuda kumtunda. Pobwerera anapeza madzi atafiira, akunyambita miyala yopondapo.

Amayi anawoloka akuseka, zitenje atakwinyira m'mwamba. Noria atafika pa mwala wapakati, miyendo inangouma gwa. M'maganizo ankangoona mwana akupulumuka kumsana n'kupita ndi madziwo.

"Iwe muroora, lumpha!" anakuwa Mayi Gamuchirai, mnzawo wa Chishona, ali kutsidya, pomutchula mtengwa m'chinenero chakwawo. "Wabereka mwana kapena thumba la simenti?"

Bambo Sixpence anabwereranso. Anaima pa mwala wotsatira, nkhope atalozetsa kumbali, n'kutsokomola.

"Paidamoyo! Iwe, bwana wamng'ono. Uwauze amako asayang'ane madzi. Ayang'ane chipewa changachi."

Mwana ankangoyamwa nsonga ya mpango.

"Uwauze agogo ako kuti sindingathe," anatero Noria.

"Uwayankhe kuti ndatulutsapo madoda andevu akulira mumgodi. Ayambe ndi phazi lamanzere. Mwala wakudawo ayi, basopa, uli ndi ndere! Woyerawo."

Noria anaponda woyerawo. Kenako wina. Mkuluyo ankasuntha chambuyo, akulangiza khandalo mwala ndi mwala, osakweza mawu.

Koma mwala womaliza unali utamira kale. Pakati pa Noria ndi gombe panali mpata woti munthu wobereka mwana sangaulumphe, ndipo madzi anali atayamba kumulowa m'nsapato. Amayi aja anasiya kuseka.

Bambo Sixpence anatsikira m'madzimo, omwe anawalekeza m'ntchafu. Anatsamira thanthwe ndi msana, n'kupinda mwendo umodzi kutsogolo.

"Uwauze aponde pabondo apa."

"Paida, uwauze kuti zimenezo sizingatheke. Ine kuponda apongozi?"

"Bondo limeneli si langa. Ndi la kampani, inalimaliza kalekale. Aponde, ndikuzizidwa."

Noria anaponda. Anamva fupa likugwedera pansi pa phazi lake, kenako manja a amayi anamukokera pamchenga. Anamasula mwana msangamsanga n'kumupapasa thupi lonse. Sananyowe ngakhale chala.

Mkuluyo anatuluka akutsimphina, madzi akuchucha m'thalauza. Anadutsa Noria ngati sakumuona, n'kukaima pafupi ndi akazi awo.

"Amake Wilfred," anatero akupuma mwabefu, "kamwanaka kamamva msanga kuposa bambo ake."